Ulendo wa Ishmael Wosadutsa ku Balaka

Ana anga Chikondi ndi Tamanda, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe mbiri ya ntchito yanga, ati adzukulu adzawerenge. Adzukulu ake ati, omwewa oti ndikawapatsa moni wa Chichewa amandiyankha m'Chitswana kuti "dumela rremogolo"? Kaya, ndilemba ndithu, wofuna kumva adzasaka womumasulira. Za ubwana wanga sindilemba, ndinali mwana wamamina ngati ana ena onse a ku Balaka. Ndiyambira pa ntchito, ndipo ndikathera pa nkhani ya Ishmael, mwana wa mnzanga Che Twaibu, amene ndinakamunenera kupolisi ndi pakamwa panga pomwepa. Anthu akuuzani zambiri za nkhaniyi. Tsopano mumve kwa mwini wake.

1988, Mchinji

Ntchito ndinayambira pa sekondale ina ya boma ku Mchinji, kuphunzitsa masamu. Ndinafika ndi sutikesi imodzi ndi tayi wobwereka, ndikudziona ngati nduna. A hedi athu anali bambo wamfupi wa mawu aakulu, ndipo tsiku loyamba anandipatsa choko chimodzi n'kundiuza kuti ndichisamale ngati mkazi. Mabuku analipo ochepa, ana ankaunjikana pa buku limodzi ngati nkhuku pa madeya. Ndikadandaula, a hedi ankangoti, "A Kachingwe, mphunzitsi ndi pakamwa, buku ndi lothandizira chabe." Ndinkapsa mtima nawo, koma kunena zoona kumeneko n'kumene ndinaphunzira kuphunzitsa. Kumeneko n'kumenenso ndinapeza mayi anu, ali namwino pa chipatala chapafupi, ndipo ndinadwala mutu kangapo popanda chifukwa mpaka anandilola. Malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Anzathu amene anapita ku Botswana ankabwera pa Khirisimasi ndi galimoto zawozawo, akuimika pakhomo pa sukulu n'kumaliza hutala. Mtima wanga unanyamuka kalekale thupi lisananyamuke.

1995, kumudzi kwa eni ake

Boma la kuno ku Botswana linkafuna aphunzitsi a masamu ndi sayansi, ndipo ananditumiza pa sukulu ya m'mudzi wina kumadzulo, kupitirira Molepolole. Choko chinali chodzaza kabati, mwana aliyense ndi buku lake. Chosowa chinali madzi ndi mthunzi. A hedi anali mayi wachikulire, Mma Dikeledi, amene anandikhazika pansi sabata yoyamba n'kundiphunzitsa moni. Anati munthu wolowa mu ofesi osanena "dumela" ndi mbuzi, ngakhale akhale ndi digiri. Mayi ameneyu anatisunga ngati abale ake, ndipo musadzalole munthu kukuuzani kuti Atswana onse ndi odana ndi alendo.

Komabe kumeneko n'kumene ndinamva koyamba mawu akuti mokwerekwere. Ndinali mu minibasi, ndikulankhula ndi mayi anu Chichewa, ndipo mnyamata wina kumbuyo anawatchula mokweza, anzake n'kuseka. Amati zilankhulo zathu zimangomveka kwere-kwere m'makutu mwawo. Ndinakwiya, inde, koma mawuwo sanandilowe mpaka m'mafupa, ndipo chifukwa chake ndinadzachimvetsa patapita zaka zambiri. Ine ndinali nako kwathu. Munthu akandinyoza ndinkati mumtima, nyoza iwe, Disembala ndikupita ku Balaka kumene amandiphera nkhuku. Mlendo amene ali ndi kwawo amapirira zambiri.

2003, Gaborone

Ana a dziko lino atachuluka m'makoleji a uphunzitsi, makontirakiti athu anasiya kuwaonjezera. Sindinadandaule, dziko ndi lawo. Ndinapeza malo pa sukulu ina ya pulayiveti kufupi ndi Extension 2, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka kupuma. Mwini sukuluyo, Rre Motsumi, anali munthu waulemu, wovala bwino, koma ankaopa makolo a ana kuposa mmene ankaopera Mulungu. Kholo likangotsokomola, iye chimfine.

Yunifolomu ya sukuluyo ankasoka ndi Che Twaibu, Myao wa ku Mangochi, amene anali ndi kachipinda pa mzere wa matelala kufupi ndi depoti ya mabasi. Ndinapita kukafupikitsa thalauzi, tinamvana Chichewa, basi ubwenzi unayambira pomwepo. Loweruka masana tinkasewera bawo kuseri kwa shopu yake. Iye Msilamu, ine mkulu wa mpingo, ndipo tinkanyozana momasuka. Ankati Akhirisitu timapemphera kamodzi pa sabata ngati kumwa mankhwala a njoka zam'mimba, ine ndinkati iye amagwada kasanu chifukwa machimo ake ndi ochuluka. Mwana wake mmodzi yekha, Ishmael, anabadwira konkuno, ndipo anadzalowa Folomu 1 m'kalasi mwanga. Anali wamutu pa masamu, wophweka kuseka, Setswana chake chosasiyana ndi cha eni nthaka. Timu ya dziko lino ikagonja, iye osadya. Koma pabwalo la sukulu, mpira ukangovuta, dzina lake linali mokwerekwere.

Mukukumbukira kuti mwezi wa Julaye Amalawi tinkakumana kukondwerera ufulu wa dziko lathu pa malo ena cha ku Mokolodi. Ife a matayi, aphunzitsi, madokotala, akauntanti, tinkakhala pa mipando ndi mabokosi athu a zakumwa. Matelala ndi alonda ankaima chapatali. Nyama ya nkhumba ndi ya ng'ombe ankaotchera pa waya mmodzi, choncho Che Twaibu ndi anzake ankangomwa zoziziritsa kukhosi n'kumati akhuta. Tsiku lina akuluakulu anaitana Ishmael, ali Folomu 3, n'kumufunsa funso lathu lija limene Mmalawi salephera kufunsa Mmalawi mnzake. Inu mukulidziwa, ndipo ndinakuphunzitsani yankho lake musanadziwe n'kuwerenga komwe: mudzi, mfumu yaikulu, boma.

"Iwe mnyamata, kwanu n'kuti?" anafunsa mkulu wina wowerengera chuma pa kampani ina.

"Ku Bontleng, uncle," anayankha Ishmael, kutchula dera la mu Gaborone muno limene ankakhala.

Anthu anaseka mpaka ena kutaya zakumwa. Mkulu uja anapukuta misozi n'kunena kuti, "Kuno si kwanu, mwana iwe. Kuno ndi kuntchito." Ishmael anaseka nawo, poti mwana akasekedwa ndi akulu amaseka nawo. Ine ndinamuona akubwerera kukaima pafupi ndi bambo ake, manja ali m'thumba.

Atamaliza Folomu 5, Che Twaibu anamutumiza ku Mangochi kuti akadziwe kwawo. Chaka chisanathe anali atabwerako. Ndinamufunsa kuti kumudzi kunali bwanji, ndipo anandiyankha akuyang'ana pansi. "Sir, kumeneko amanditchula Mtswana. Chiyao sindimva, Chichewa changa amachiseka, ndipo aliyense amaganiza kuti ndabisa ma pula, ndalama za kuno, mu chikwama. Anandipatsa mpando wa alendo kuyambira tsiku lofika mpaka tsiku lonyamuka." Mawu amenewo anandikhudza, chifukwa ndinaganiza za inu.

2014, chipinda cha makompyuta

Ishmael anaphunzira za makompyuta, ndipo nthawi imeneyo ine ndinali wachiwiri kwa hedi. Ndinamupemphera ntchito yoyang'anira chipinda cha makompyuta, sukulu n'kumupezera pemiti yogwirira ntchito. Anali wakhama. Makompyuta athu anali akale, ena oyaka akafuna, koma iye ankachotsa chitsulo uku n'kuika uku mpaka ana onse apeze pokhala. Zaka zimenezo anayamba kupemphera mwamphamvu, anasunga ndevu, nthawi ya nkhomaliro ankayala mkeka wake m'kachipinda kosungiramo katundu. Bambo ake anakondwa, inenso sindinaonepo cholakwa. Mnyamata wa zaka zimenezo akasankha mkeka wopempherera m'malo mwa botolo, kholo limathokoza.

Vuto linabwera ndi wailesi ya kanema. Kukaphulika bomba ku dziko lakutali, m'mawa mwake mu stafu rumu maso onse ankatembenukira kwa Ishmael ngati iye ndiye anayatsa. Zinayamba ngati nthabwala. Tsiku lina anaiwala chikwama chake pa tebulo, ndipo mphunzitsi wina anakuwa kuti, "Thawani, Ishmael wasiya katundu!" Anthu anathamangira kukhomo akuseka, ena mwa iwo Amalawi anzathu, oti dzulo lake iwo omwe anatchulidwa makwerekwere mu minibasi. Ine mtima wanga mumaudziwa. Ndinamenya tebulo, ndinalankhula mawu amene sindingalembe m'buku lowerenga adzukulu, ndipo anandipatsa dzina loti wosamva nthabwala. Ishmael anangotenga chikwama chake n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo tiyi ankamwera yekha ku chipinda chake.

Kenako kholo lina linabwera kudzadandaula kuti mwana wake amaona bambo wandevu akugwada m'kachipinda, ndipo silikudziwa zimene amaphunzitsa ana akakhala okha. Rre Motsumi anandiitana.

"Mr Kachingwe, the parents are not comfortable," anatero, akusisita tayi wake.

Ndinamufunsa kuti mnyamatayo walakwa chiyani. Anati palibe. Ndinamufunsa ngati pali mwana amene anaphunzitsidwa china choposa kompyuta. Anati palibe. Ndinamuuza kuti kwathu amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma nsomba imene ikunenedwayi inaolera kutsidya kwa nyanja zamchere, yathuyi ili bwinobwino. Iye anati, "Rra, sukulu ndi bizinesi." Kontirakiti ya Ishmael itatha sanaionjezere, ndipo pemiti inathera pomwepo. Mwana wobadwira mu Gaborone anasanduka munthu woyang'ana uku ndi uku akaona galimoto ya apolisi.

2018, foni

Kuyambira pamenepo Ishmael ankangokhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bambo ake, iye ndi foni. Ntchito anasaka, koma wopanda pemiti salembedwa, ndipo wosalembedwa sapeza pemiti. Anzake a kusukulu anali akukwatira, kugula galimoto, kulandira mapuloti a boma amene iye sakanalandira. Ndikapita ku bawo ndinkamuona mwa apo ndi apo, ndipo kalankhulidwe kake kanali katasintha. Anayamba kunena za "abale anga", abale amene palibe anawaonapo, okhala m'foni. Dziko lonse analigawa pawiri, ife ndi iwo. Ku mzikiti anayamba kutsutsa akuluakulu poyera kuti ndi amantha, ogulitsa chipembedzo. Shehe wa kumeneko, nkhalamba yofatsa, anamulangiza kuti zimene akumvazo si Chisilamu, ndi mkwiyo wovala mkanjo. Atapitiriza mwano, akuluakulu ena anamuuza kuti asadzapondenso pamenepo. Ndimawamvetsa, ankateteza ana awo ndi mbiri yawo. Koma limenelo linali khomo lomaliza limene linkamutsegukira, ndipo linatsekeka.

Ndakhala ndikuganiza kwambiri za zimenezi chipumireni ntchito, poti wopuma ntchito alibe china chochita koma kuganiza ndi kukangana ndi wailesi. Anthu amati ana otere amawonongedwa ndi chipembedzo. Ine ndikukana. Che Twaibu wagwada kasanu pa tsiku moyo wake wonse, ndipo chimene wapha ndi udzudzu wokha. Anthu a m'foni aja sanayambe ndi mavesi. Anayamba ndi kumufunsa kuti wadzuka bwanji, wadya kapena ayi, ndani wakulakwira. Anamumvetsera, zimene ife tonse tinalibe nazo nthawi. Atamumvetsera anamuuza kuti manyazi ake onse ali ndi mwini, ndipo anamulozera mwiniyo. Mavesi opotoza anabwera pambuyo, ngati mchere wothira m'ndiwo zopsa kale. Ndaonapo anyamata a m'mipingo yathu yomwe akukokedwa chimodzimodzi ndi aneneri olusa, ndipo ndaona anyamata a ndale kwathu akutenga zikwanje chifukwa bwana wina anawatchula dzina n'kuwagulira chakudya. Wonyoza ndi wokopa amagwirira ntchito limodzi ngakhale sadziwana. Wina amakankha mwana kumuchotsa pakhonde, wina amamudikira kumsewu.

2019, katundu wa ku Balaka

Nthawi imeneyo tinali titasamukira ku Kumakwane, m'nyumba ya lendi ija ya mpanda wosamaliza. Mbiri inamveka pakati pa Amalawi kuti Ishmael wanena yekha kuti akupita kwawo. Che Twaibu anandiimbira foni mawu ake akunjenjemera ndi chimwemwe. "Aphunzitsi, mwana wanu waganiza bwino. Akuti bambo, ndikupita kwathu. Akakakhala ku Mangochi, akakwatira, mutu ukhazikika." Tonse tinapuma. Ndipo mukudziwa zimene zimachitika Mmalawi akanena kuti akupita kwawo. Sabata isanathe, shopu ya Che Twaibu inadzaza ndi mitolo: mabulangete, sopo, nsapato za ana, mafuta ophikira, uliwonse utalembedwa dzina la wolandira ndi malo otsitsira. Wopita kumudzi sakana katundu wa anzake, chifukwa mawa adzafuna womunyamulira. Mayi anu nawonso anamanga bulangete ndi sopo wa azakhali anu a ku Balaka.

Loweruka lina masana Ishmael anabwera ku Kumakwane kudzatsanzika. Anali wodekha kuposa mmene ndinamuonera zaka zambiri, nkhope yowala ngati ya munthu amene wachira malungo. Tinakhala pakhonde, mayi anu anabweretsa tiyi, kenako anatulutsa mtolo uja n'kuuika pamapazi pake.

"Uwu ukatsitse pa Balaka, mwana wanga. Alamu anga adzakudikira pa siteji," anatero mayi anu.

Ishmael anayang'ana mtolowo nthawi yaitali. Mayi anu atalowa m'nyumba, anaukankhira kwa ine pang'onopang'ono ndi dzanja. "Sir, uwu sindinyamula. Inayo ndingoisiya kwa bambo, eni ake adzatenga. Koma inu sindikufuna kukunamizani. Ulendo wanga sudutsa ku Balaka."

Ndinaseka, poti njira imeneyo ndaiyenda zaka zambiri. Basi imachoka kuno, Francistown, Harare, Tete, n'kulowa pa Mwanza. "Iwe, kuchokera pa Mwanza kupita ku Mangochi udzera kuti osaona Balaka? Uuluka?"

"Nditsikira pa Tete, Sir. Pali ondidikira. Kuchoka apo tilowera kumpoto."

Tiyi anandizizirira m'manja. Aliyense amene ankatsegula wailesi masiku amenewo ankadziwa zimene zinkachitika kumpoto kwa Mozambiki, midzi kutenthedwa, anthu wamba kuphedwa, amayi kuthawa ndi ana kumsana. Ndinati, "Bambo ako wawauza kuti ukupita kwanu."

"Sindinaname. Inu munamva 'kwathu' n'kuganiza za Mangochi, chifukwa kwa inu mawuwo ali ndi tanthauzo limodzi. Kwathu ndi kumene munthu safunsidwa kuti kwanu n'kuti. Kumeneko andiuza kuti bwera, m'bale wathu, malo ako alipo. Ndani anandiuzapo zimenezo kuno? Ndani anandiuza ku Mangochi?"

"Ndipo malo akowo ukawalipira ndi chiyani? Ndi magazi a mwana wa mayi wina wolima chinangwa, amene sanakutchulepo mokwerekwere, amene sadziwa n'komwe kuti Gaborone ili kuti?"

Anati sindingamvetse. Ndinakalipa, ndinachonderera, ndinamukumbutsa za mayi ake. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinatha mawu, ndipo ulemu umenewo unandiopsa kuposa mwano. Ponyamuka anati, "Ndabwera kudzatsanzika chifukwa inu nokha ndi amene munamenya tebulo tsiku lija. Please Sir, musauze munthu." Anandigwira dzanja ndi manja awiri, monga anaphunzitsidwira, n'kupita kukakwera minibasi.

M'mawa mwake sindinapite ku tchalitchi, ndinapita kwa Che Twaibu. Ndinamupeza akusoka pakati pa mitolo ya anthu ija. Nditamuuza, phazi lake linaima pa makina. Kenako anati tiyese tokha. Tinayesa. Tinaitana Shehe uja, amene anabwera ngakhale anali atanyozedwa, ndipo analankhula ndi mnyamatayo masana onse, buku lili pamiyendo. Ishmael anangoti wamva. Bambo ake anabisa pasipoti, iye anati kumene akupita kuli njira zosafuna pasipoti. Ndipamene ndinatchula apolisi, ndipo Che Twaibu anandigwira malaya.

"Achimwene, ayi. Apolisi akabwera sabwerera mwana wanga yekha. Pa mzere uno theka la matelala mapepala awo anatha. Ali ndi ana, ali ndi akazi. Ndipo mawa dziko lonse lidzati Amalawi a Chisilamu ndi zigawenga. Mukufuna kutimaliza tonse chifukwa cha mmodzi?"

Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi inali yolemera. Ndinabwerera kunyumba mutu uli gwa. Kunena, ndiwononga anthu osalakwa, ndipereka mwana amene anandikhulupirira, ndipo ndipatsa mphamvu onyoza aja kuti ati tinanena ife. Kukhala chete, mwanayo akafa kutchire, ndipo asanafe akapha. Mayi anu sanachulutse mawu. Anati, "Bambo a Chikondi, mukakhala chete mudzapita kukapepesa maliro opanda mtembo. Ndipo kwinako kudzakhala maliro ena amene simudzawamva n'komwe." Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero pa zabwino. Ndinadzifunsa kuti akanakhala Chikondi, ndikanafuna mnzanga achite chiyani. Ndinavala jekete, ndinapita kwa Che Twaibu kukamuuza maso ndi maso kumene ndikulowera, kuti asadzamve kwa ena. Kuchoka apo ndinapita kupolisi.

Apolisi anamugwira Ishmael pa depoti, asanakwere basi. Anamusunga, anamufunsa zambiri, ndipo poti anali asanachite kanthu koma analibe mapepala okhalira kuno, anamutumiza ku Malawi osaloledwa kubweranso. Zimene Che Twaibu ankaopa zinachitikadi. Apolisi anayendera mzere wa matelala, ndipo amene mapepala awo anali atatha anabwezedwa kumudzi. Mmodzi mwa iwo anali ndi mkazi woyembekezera, ndipo nkhope ya mayiyo atakhala pa makina a mwamuna wake panja pa shopu yotseka ndimaionabe. Ena ananditchula Yudasi, ena kazitape. Zimenezo ndinapirira. Chimene sindinapirire chinachitika ku Mokolodi mwezi wa Julaye wotsatira, pamene mkulu wowerengera chuma uja anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwachita bwino a Kachingwe, anthu amenewa ndi otero." Ndinamufunsa kuti anthu ake ati. Ndinamuuza kuti mwanayo tinamuumba tonse, iye ndi kuseka kwake akuwerengedwa momwemo, ndipo ndinanyamula mpando wanga n'kukwera galimoto. Sindinapitekonso. Che Twaibu naye anasiya kuyankha foni yanga, ndipo ndikadutsa pa shopu ankaweramira pa makina.

Mukandifunsa ngati ndinachita bwino, ndikuyankhani kuti ndikanachitanso. Mukandifunsa ngati mtima unakhala pansi, ayi, sunakhale.

2023, pa benchi

Ndinapuma ntchito kumapeto kwa chaka chimenechi. Rre Motsumi analankhula mawu okoma pa phwando, anandipatsa wotchi ya pakhoma, ngati wopuma ntchito ali ndi kumene akuchedwa. Chimene ndinatuluka nacho chenicheni ndi BP, ndipo mwezi uliwonse ndimapita ku kachipatala kena m'tauni kukatenga mankhwala. Tsiku lina m'mawa ndili pa benchi, anthu ali thithithi, ndinaona Che Twaibu akulowa ndi kabuku kake ka kuchipatala. Anali atakalamba, ndevu zonse mbuu. Malo okhala analipo amodzi okha, pafupi ndi ine. Anayang'ana uku ndi uku, miyendo inamukakamiza, anakhala.

Ndinati, "Mwadzuka bwanji, Che Twaibu?"

"Tadzuka," anatero, akuyang'ana kukhoma.

Tinakhala choncho, anthu awiri okalamba odwala nthenda imodzi, osalankhulana ngati ana olimbirana mpira. Mzere unkayenda pang'onopang'ono. Kenako anapisa m'thumba, anatulutsa foni, anaisinthasintha ndi chala chake cha zipsera za singano, n'kundiikira pamwendo. Pa chithunzipo panali Ishmael ataima pakhomo pa kashopu kokonzera mafoni, wanenepa pang'ono, atanyamula kamwana kakakazi kovala diresi lalikulu kuposa msinkhu wake.

"Ku Liwonde," anatero Che Twaibu. "Diresilo ndinasoka ine. Chaka choyamba Ishmael sankalankhula ndi munthu. Shehe wina wa kumeneko ndiye anamupirira, kumuyendera, kukangana naye, mpaka anayamba kubwerera. Amandiimbira Lachisanu lililonse."

Ndinafunsa ngati amanditchulako. Anati ayi, ndipo ndisayembekezere. Kenako anati panali mnyamata wina wa ku Francistown amene anakopedwa ndi anthu omwewo, iye anatsogola ulendo uja, osamvekanso. Mayi ake mpaka lero foni ikalira amathamanga.

"Aphunzitsi," anatero, ndipo aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso, "mwana wanga ali moyo, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Koma ndikakumbuka anzanga a pa mzere paja, zikomo akukana kutuluka pakamwa panga."

"Musamukakamize," ndinatero. Misozi inali itandifika, ine mkulu wa mpingo, pamaso pa anthu onsewo, ndipo sindinaibise.

Namwino anaitana dzina lake kuti akayezedwe kaye asanaonane ndi dokotala. Anadzuka movutikira, atagwira bondo, anatenga foni yake pamwendo panga. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Mundisungire malowo, ndibweranso."

Ndinavula chipewa changa n'kuchiika pa benchipo. Anthu anabwera angapo kufuna kukhala, ena okwiya ndithu, ndipo aliyense ndinamuuza kuti pepani, pali munthu.